Ng'oma ya amalume ndinaipaka penti

Mpaka lero kwathu kwa Likoswe kukakhala ukwati kapena chinkhoswe, ine ntchito imene amandipatsa ndi yonyamula mabenchi basi. Chilichonse chimene chakhalitsa pamudzipo, kaya ndi mtondo, kaya ndi sutikesi ya malemu agogo, amachilowetsa m'nyumba akangomva kuti ndatsika minibasi. Zoti ndinalakwa penapake ndikudziwa. Koma mundimvere kaye, chifukwa abale anga akamakamba nkhani imeneyi amadumpha dala mbali yanga.

Ine ndimalemba zikwangwani pa Boma pa Chiradzulu. Ngati munadutsapo zaka zija zipani zitangochuluka kumene, ntchito za manja anga munaziona: nkhuku yonenepa pakhoma la golosale, mitu inayi yometedwa mosiyanasiyana pa babashopu, botolo lotuluka thukuta pa bawa. (Nkhuku ija ena ankati ikufanana ndi bakha. Anali anthu ansanje.) Aliyense anali akutsegula kabizinesi masiku amenewo, ndipo aliyense ankafuna dzina pakhoma. Anthu ankanditchula kuti atisti, ine sindinkakana.

Amalume anga, a Makawa, mlongo wawo wa amayi, anali ndi ng'oma ya tchopa, gule wathu wa Alomwe, imene inkakhala kutsindwi kwa khitchini. Ng'omayo inabwera ndi amalume awonso, a Mukhwapa, amene anaisenza pamutu kuchokera kuseri kwa phiri la Mulanje, nthawi ija makolo athu ankathawa Apwitikizi wapansi. A Mukhwapa anamwalira kalekale. Sukulu sanapondeko, chithunzi sanajambulitsepo, ndipo dzina lawo silinalembedwe paliponse. Amene ankalitchulabe pamudzi ponse anali amalume okha, ndipo nawonso miyendo inali itayamba kutupa.

Lolemba lina m'mwezi wa Juni ndinapita kukawazonda, ndipo ndinapeza pakhomo pataima pikapu. Mwini wake anali Mayi Msowoya, mayi wamagalasi wolankhula mofatsa, amene ankayenda maboma onse kufufuza zinthu zakale. Ankalemba buku, ndipo zinthu zina zosankhika ankapita nazo ku myuziyamu ina mu Blantyre kuti anthu azikaziona. Wina anawatsina khutu za ng'oma ija. Ndinawapeza ataimirira pamtondo wovundikira, mutu uli kutsindwi, mwaye ukugwera pamagalasi, koma iwo osasamala. Ataitsitsa anaisisita pang'onopang'ono.

"Bambo, ng'oma ngati iyi sindinaionepo," anatero. "Kuno kuli mdima, kamera yangayi siingakwanitse. Mubwere nayo Lachisanu ku myuziyamu, kuli wojambula wa magetsi ake. Iyi ilowa m'buku."

Amalume anakhosomola kaye. "M'bukumo mulembamo dzina?"

"Dzina la ndani, bambo?"

"La mwini ng'oma. A Mukhwapa. Ine ndikatsikira kuli chete, ana awa amuiwala munthu ameneyu."

"Tiona, bambo," anatero mayiwo.

Amalume mawu akuti "tiona" anawamva ngati "inde". Pikapu itangochoka anaitanitsa lezala n'kumeta ndevu, ngati kuti ojambulidwa ndi iwowo. Kenako anandiitana.

"Iwe mphwanga, miyendo yangayi minibasi siingakwere. Tauni umaidziwa ndiwe. Itenge. Koma ukaipukuteko fumbi, isakatichititse manyazi pamaso pa anthu."

Mawu omalizawo muwasunge. Tsiku lililonse limene mlandu umenewu udzazengedwe, ine mboni yanga ndi imeneyo.

Lachiwiri m'mawa ndinaiika ng'oma ija pabenchi m'kashedi kanga kuseri kwa chigayo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaiona powala. Abale! Inali bii, mwaye utachita kuundana, m'mbali muli timabowo ta fumbwe, m'kati mphemvu zitamanga mudzi ndi mfumu yake yomwe. Ndinaipukuta ndi kansalu monga anandiuzira. Kansalu kanada, ng'oma sinasinthe.

Tsono tamverani mmene ndinaganizira, ndipo mundiuze pamene ndinaphonya. Ife kuno mlendo wamkulu akamabwera pa Boma timapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, mitengo ya bulugamu timaiveka sokosi zoyera, ngakhale chimbudzi chakugwa timachipaka mbali yoyang'ana kumsewu. Mwana wopita ku tauni timamusambitsa n'kumudzoza mafuta mpaka achite kuwala. Nanga ng'oma yokaimira mtundu wonse, yokalowa m'buku loti azikawerenga mpaka ku Ulaya, ipite ili chomwecho? Anthu akanati Alomwe a ku Chiradzulu alibe sopo. Ine zimenezo sindikanalola, makamaka ndili ndi zitini za penti pashelefu.

Ndinayamba ndi madzi ofunda ndi sopo. Mwaye unakana. Ndinatenga mpeni wopalira makoma n'kuupala wonse, unadzaza mbale. Timabowo ta fumbwe ndinatitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Ndili pakati pa ntchito, mayi a kunyumba, amake Tereza, anabwera ndi tiyi. Anaima pakhomo osalowa.

"Bambo a Tereza, eni ake mwawafunsa?"

"Eni ake anena okha kuti isakatichititse manyazi."

"Anati mupukute. Ine ndikuona mwatsegula zitini."

"Mayi, inu za luso zisiyeni. Ine ndikamalowerera za m'mapoto anu mumamva bwanji?"

"Safunsa anadya phula," anatero, n'kusiya tiyi pansi n'kumapita.

Lachitatu ndinapaka. Sindikunama, tsiku limenelo dzanja linali bwino. Thunthu lonse ndinalipaka buluu wotsala pachitseko cha golosale, m'mphepete ndinazunguliza mizere yofiira ndi yoyera. (Mitundu ndinachita kusakaniza dala, chifukwa masiku amenewo ukapaka mtundu umodzi anthu ankati ng'oma yalowa chipani.) Panali timizere tina tosemedwa m'mbalimo, tokhotakhota, toonekeratu kuti wosemayo analibe rula. Penti anatikwirira bwinobwino. Kenako ndinakumbukira nkhawa ya amalume ija, ndipo ndinati bwanji tidikire alendo kutilembera dzina pamene wolemba ali pomwe pano? Ndinatenga burashi yaing'ono n'kulemba A MUKHWAPA m'zilembo zoyera za mthunzi, zija ndimalembera masitolo akuluakulu okha. Pansi penipeni, monga ndimachitira pa ntchito iliyonse, ndinaika dzina langa ndi mawu akuti "kuseri kwa chigayo, pa Boma". Ndinabwerera m'mbuyo masitepe atatu n'kuiyang'ana. Ndinadziwombera m'manja ndekha.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Lachinayi kunacha ndi chiperoni. Phiri lonse linabisala mu nkhungu, kamvula kowaza kosaleka, ndipo aliyense wodziwa penti wamafuta akuuzani kuti m'nyengo yotere sauma. Lachisanu m'mawa ndinakhudza ndi chala, chala chinamatirira. Ndinapempha amake Tereza chitenje choti ndikulungire. Anangondiyang'ana. Basi ndinaikulunga m'nyuzipepa zakale, n'kumanga ndi linya, ulendo wa ku siteji.

Kondakitala anati kumbuyo kwadzaza matumba a nandolo, ng'omayo ndiikhazike pamiyendo. Tinathinana anayianayi, ndipo pambali panga panakhala mayi wina wovala zoyera za kumpingo, bulauzi yosita bwino, duku loyera, Baibulo m'manja. Msewu unali wa mabampu, ndipo pa bampu iliyonse ng'oma inkawatsamira. Nyuzipepa inang'ambika pati sindikudziwa. Titatsika ku Limbe, mkono wonse wa bulauzi unali buluu, ndi kamzere kofiira paphewa.

"Bambo inu! Ine ndikupita kukalalikira pamsonkhano wa amayi!"

"Pepani mayi. Koma ndi penti wabwino, sasuluka."

Ndinkafuna kuwatonthoza, koma zikuoneka kuti sindinasankhe bwino mawu. Zimene anandiyankha m'Baibulo lija mulibemo.

Ku myuziyamu ndinafika nthawi isanakwane. Kanali koyamba kulowa malo otere. Mlonda anandiuza kuti ndikhoza kuyamba ndazungulira, koma osagwira kanthu. Ndinayenda chipinda ndi chipinda ng'oma ili kukhwapa, ndipo ndinamva chisoni. Mitondo yong'aluka, makasu adzimbiri, mauta, mikondo, mbiya zobenthuka, zonse zakuda, zonse zosasamalidwa, koma ataziika m'magalasi ngati ndi makeke. Pakhoma lina anapachika zojambula za anthu ophunzira. China chinali madontho ndi mizere basi, choti Tereza wanga akanajambula ali sitandade wanu. Mumtima ndinati ngati izi zikupachikidwa muno, nkhuku yanga ija ikuchedwa pa golosale. Koma chachikulu chimene ndinaona ndi ntchito. Ndinabwerera kwa mlonda uja.

"Achimwene, amene amayang'anira zopenta muno ndani?"

"Zopenta makoma?"

"Iyayi, katunduyu. Mukandipatsa miyezi iwiri, zonsezi zikhoza kuwala. Makasuwa siliva, mitondoyi vanishi."

Mlondayo anaseka mpaka kugwira khoma. Ankayesa ndikuchita nthabwala, ndipo ine ndinkayesa akuseka chifukwa chokondwa.

Mayi Msowoya anandilandira m'kachipinda kokhala ndi tebulo loyalidwa nsalu yakuda ndi magetsi awiri a miyendo itaitali. Wojambula, bambo wandevu wosalankhulalankhula, anali atakonzeka kale. Mayiwo anavala magolovesi oyera (oyera, tamvani!) n'kunena kuti, "Ikani apa pang'onopang'ono, bambo." Ine ndinadula linya ndi manja aulemu, ngati nduna yotsegulira mlatho.

Nyuzipepa inakana kuchoka. Ina inasendeka, ina inatsalira, ndipo pamene inasendeka inasiya zilembo zake pabuluu paja, pamodzi ndi theka la nkhope ya wosewera mpira wina. Koma dzina lija linali bwinobwino, zilembo zoyera, mthunzi wake uli m'malo. Mayi Msowoya anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Kenako anakoka mpando n'kukhala.

"Iyi ndi chiyani?"

"Ng'oma ija, mayi. Ya Lolemba."

"Mwaitani?"

"Ndaikonza. Musadandaule za manyuziwa, chiperoni ndiye chatilakwira. Ikauma ndidzapakanso kachiwiri."

"Mwaye uja uli kuti?"

"Ndinataya kudzala."

Anagwira pamutu ndi manja onse awiri, magolovesi ali buluu kale. Atayamba kulankhula sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Bambo, mwaye umene uja ndiwo unali umboni wa zaka zake. Timizere tija tikanatiuza dera limene inasemedwa. Munthu anaisema ndi kasemasema kwawo kutali, anthu anaigwira mibadwo itatu mpaka mtengo kusalala. Zonsezo zinali pamenepo. Inu mwazikwirira ndi penti wa chitseko."

Apa ndiye magazi anandithamanga. Ine ndalimbana ndi mphemvu masiku atatu, ndatukwanidwa ndi mlaliki, kuti ndidzamve zimenezi?

"Mayi, ndifunseko. Inu kwanu mlendo akamabwera simusesa? Inuyo mwavala bwino, mwadzola, nsapato mwapolisha. Koma ife mukufuna tikaoneke m'buku tili mu utsi, kuti owerenga azikati taonani mmene amakhalira anthu akumudzi. Ng'oma ndi yathu. Tikafuna kuti itchene, itchena!"

"Palibe akunena kuti ndinu auve, bambo."

"Nanga bwanji zonse mwaika m'magalasimu ndi zakuda zokhazokha? Makolo athu akanakhala ndi penti mukuganiza kuti sakanapaka?"

Funso limeneli sanaliyankhe, ndipo mpaka lero ndimalitenga ngati chigoli changa. Anangotembenukira kwa wandevu uja n'kunena kuti, "Ijambuleni chomwechi. Anthu aone." Ine ndinayesa mtima wawo wasintha, ndiye ndinakonza kolala n'kuima pambali pa ng'oma. Anandipempha kuti ndisunthe. Magetsi anang'anima kamodzi kokha.

"Ndiye ilowa m'buku eti?"

"Tsamba limene ndinaisungira ndiikapo zina. Ng'oma imene ndinaiona Lolemba kulibenso." Atandiperekeza pakhomo anawonjezera kuti, "Chonde, musaikhudzenso. Alipo anthu odziwa kuchotsa penti pang'onopang'ono osapweteka mtengo. Ndifufuza, ndidzakuuzani."

M'minibasi yobwerera mawu awiri ankandizungulira m'mutu. Oyamba anali akuti tsamba aikapo zina, ndipo ndinkangoganiza za amalume atameta ndevu. Achiwiri anali akuti alipo anthu odziwa kuchotsa penti. Odziwa penti kuposa ine? Ine amene ndinayamba kugwira burashi ndisanamere ndevu? Ndinatsika pa Boma nditatsimikiza kuti Lolemba ndibwerera ku Blantyre ndi ng'oma yakuda ngati mmene ankaifunira, aone kuti kuno kulinso anthu.

Loweruka ndinagula thina, mankhwala aja osungunulira penti, ndi sandipepa. Penti wosauma sanavute, anachoka ndi thina, koma m'timizere muja anakanirira. Ndinatenga sandipepa wokhakhala n'kukhula. Buluu anatha ndithu. Timizere tija tinathera limodzi. Pofika masana ndinali ndi ng'oma yosalala, yoyera mbee, ngati mpini wogula dzulo pamsika. Amake Tereza anasuzumira.

"Tsopano mwasema yatsopano?"

"Yatsala kuda basi. Mwaye ndi utsi, ndipo utsi sagula."

"Utsi wa zaka zonse zija muupeza kuti?"

"Nkhani ndi kuchuluka kwake, mayi, osati zaka."

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinasonkha moto kuseri kwa shedi. Ndinaikapo zitsononkho zonyowa, masamba aawisi a bulugamu, ndipo poona kuti utsi wake ukuyera, ndinawonjezera chidutswa cha tayala. Ng'oma ndinaipachika pamwamba ndi waya. Utsi unakwera wakuda bii mpaka anthu ochokera kumapemphero anayamba kuthamanga ndi ndowa, akuyesa chigayo chapsa. Ndinatuluka kumsewu kukawabweza. Ndikufotokozera bambo wina kuti zonse zili m'manja, kumbuyo kwanga kunamveka kuti phuu!

Oimba ng'oma amaiwamba pamoto pang'ono kuti chikopa chikungike, zimenezo mwana aliyense amadziwa. Chimene ine ndinaiwala ndi mawu akuti pang'ono. Chikopa chinaphulika pakati, ndipo thunthu, limene linamwa madzi Lachiwiri ndi thina Loweruka, linang'aluka kuchokera kukamwa mpaka pansi, mng'alu wolowa dzanja. Ndinaitsitsa ikutentha, ikununkha tayala. Apa nthabwala zinandithera. Chikopa tikanakunga china, koma mtengo uja unali womwe uja anausenza a Mukhwapa. Ndinakhala pansi pamatope n'kumaiyang'ana, ndipo ndinachita mantha ngati mwana.

Lolemba sindinapite ku Blantyre, ndinapita kwa Likoswe. Amalume ndinawapeza pakhonde atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Apongozi anga, akazi awo, anandinong'oneza kuti akhala akulivala kuyambira Lachisanu, kudikira uthenga.

"Wabwera mphwanga! Ajambula?"

"Ajambula, amalume." (Limeneli silinali bodza.)

"Nanga m'thumbamo muli chiyani? Sanaisunge konko?"

Ndinamasula thumba. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaitenga, kuitembenuza, kulowetsa zala mumng'alu muja, kuinunkhiza. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa sopo mpaka pa tayala, ndipo sindinaiwale kuwakumbutsa kuti iwo omwe anati isakatichititse manyazi. Sanakalipe.

"Ng'oma iyi inawoloka Ruo ili pamutu pa munthu," anatero. "Inaona nkhondo ziwiri za azungu. Njala inabwera, tinagulitsa mbuzi ndi makasu, iyi sitinagulitse. Chiswe chinagwetsa khitchini kawiri, iyi chinaisiya. Iwe sabata imodzi."

Anavula jekete lija, kulipinda, n'kulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo moni wanga ankayankha ndi mutu. Nkhani inafalikira mudzi wonse, ndipo ana ankati akandiona amakuwa kuti, "Bisani mitondo!" Mayi Msowoya anatumizadi uthenga patapita mwezi kuti apeza munthu wochotsa penti. Sindinawayankhe. Ndikanati chiyani?

Panapita zaka ziwiri. Tsiku lina mwini chigayo anandipatsira phukusi lochokera ku positi, lolembedwa dzina la amalume koma kudzera kwa ine, kuseri kwa chigayo, pa Boma. Linali buku lija, lolemera, la Chingerezi, mapepala ake osalala. Ndinalitsegula m'shedi ndekha. Munali mbiya, mauta, mipando, ng'oma za kwina, zonse zakuda monga amazikondera. Chakumapeto kwenikweni ndinangoona buluu. Ng'oma yanga, tsamba lathunthu, wosewera mpira uja ali pomwepo ndi diso lake limodzi. Ndinawerenga mawu a pansi pake kawiri. Ndinaganiza zolibisa kudenga, koma amake Tereza anati phukusi la eni sabisa, ndipo ndikapanda kupita nalo apita nalo okha.

Amalume anali atafooka kwambiri, maso atachita khungu pang'ono. Ndinagwada patsogolo pawo n'kuwatsegulira tsambalo. Analiyandikitsa kumphuno.

"Ndi chimenechi unachita?"

"Ndi chimenecho, amalume. Chisanapse."

"Hmm. Pansipa akuti chiyani?"

Ndinafuna kunama, koma pakhomopo panali adzukulu a ku sekondale oti akanandiyalutsa tsiku lomwelo.

"Akuti iyi inali ng'oma yakale kwambiri, koma mwini wake anaiononga ndi penti. Akuchenjeza anthu ena kuti asamatero."

"Mwini wake ndani?"

"Ndiye kuti inuyo, amalume."

"Ine? Ndiye mpaka ku Ulaya akudziwa kuti chitsiru ndine?"

"Dzina lanu sanalembe."

Anapukusa mutu, ndipo ndinayesa alitaya bukulo. Koma chala chawo chinali chitaima pa zilembo zoyera zija, ndipo chinayamba kuzitsata chimodzichimodzi.

"Apa?"

"A Mukhwapa."

"Werenganso."

"A Mukhwapa."

Anatembenuza tsamba n'kuloza mpando wina wosema. "Uwu mwini wake ndani?" Ndinawerenga: anangolemba mtundu wa anthu ndi boma limene anaupeza. Analoza mbiya, chimodzimodzi. Analoza uta, ng'oma ya ku Nsanje, khasu, mkanda. Tinayenda buku lonse tsamba ndi tsamba, iwo kuloza, ine kuyankha kuti sanalembe. M'buku lonse lija, mwa anthu onse amene anasema, kuumba ndi kusenza zinthu zimenezo, wotchulidwa dzina anali mmodzi. (Awiri, tikawerengera wa kuseri kwa chigayo, koma sinali nthawi yake yowakumbutsa.)

Amalume anabwerera pa tsamba la buluu lija. Ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu. Kenako anatseka bukulo n'kuliika pansi pa ntchafu yawo.

"Ng'oma unandiphera, iwe. Chimenecho ndifa nacho, usaganize kuti chatha. Ndipo bukuli usaligwirenso ndi manja akowo."

"Ndamva, amalume."

"Tsono ulibe choti unene?"

Ndinali chigwadire. Ndinapepesa za mpeni wopalira uja. Ndinapepesa za sandipepa. Za moto ndi tayala ndinapepesa kawiri, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Nditamaliza ndinatseka pakamwa.

Amalume anapendeketsa khutu, kudikira kuti nditchule penti. Anadikira ndithu, apongozi anadikira, adzukulu pakhomo anadikira. Ine ndinadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, n'kuwafunsa ngati chitseko chawo chija sichikufuna buluu.